Chaka Chimene Ndinaleka Kuthira Mchere

Mundikhululukire polemba izi. Sukulu ndinalekezera Fomu 2 kwathu ku Nambuma, ndipo olemba mabuku ndi anthu ena, ine ndikudziwa. Koma nkhaniyi yakambidwa kale pamjigo, kuchigayo ndi m'njira yochokera kutchalitchi, aliyense ndi mathero ake, mwiniwakene osafunsidwa. Pakamwa ndilibe mphamvu. Ndikayamba kulankhula pagulu mawu amandithawa, ndiye ndati ndiyese pepala. Maina sinditchula, chifukwa anthu onsewa ali moyo ndipo ndimadya nawo.

Ndinakwatiwa mwezi wa Ogasiti, ndili ndi zaka makumi awiri, ndipo ananditengera kumudzi kwa amuna anga, kufupi ndi Msundwe. Amuna anga amalima fodya ndi mtedza, Lamulungu amaimba kwaya. Khomo lathu linayang'anizana ndi la apongozi anga, mayi awo. Bambo awo anamwalira ine ndisanabwere, ndi matenda a shuga, atayamba adulidwa mwendo. Pakhomo pa apongozi pamakhalanso alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, amene banja lawo linatha. Mkulu wawo wa amuna anga ali ku Joni. Ameneyo sindinamuonepo ndi maso, ndimangomudziwa mawu.

Ukwati usanachitike, amayi achikulire anandilangiza zambiri, koma chimene anabwereza katatu ndi cha mchere. Ukakhala kumwezi usathire mchere m'ndiwo, uitane wina akuthirire. Ndipo mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina akathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, mwamunayo amadwala: amatsokomola, amawonda, mapazi amatupa. Matenda amenewa kwathu timati tsempho. Amayi amene anandiuza izi ndi omwewo amakhala kutsogolo m'tchalitchi. Ine ndinasunga zonse, chifukwa ndinkafuna kuti kumudzi kwa eni asandipeze ndi chifukwa.

Zinayamba mu Okutobala, nthawi yopanga mizere. Tsiku lina masana amuna anga atachoka kumunda ndinawaikira chakudya. Anakoka mbale ya ndiwo, ya nsima n'kuikankhira pambali.

"Mayi, kuyambira lero nsima musamandiikire."

"Sinapse kodi?"

"Yapsa bwinobwino. Ndasiya basi. Nsima, mbatata, mpunga, buledi, thobwa, ndi shuga wa mu tiyi yemwe."

Anatulutsa foni n'kundiikira uthenga wa mawu wochokera kwa mkulu wawo. Kumbuyo kwake kunkamveka magalimoto. Ankati nsima ikalowa m'mimba imasanduka shuga, ndipo shugayo ndi amene anapha bambo awo. Ankati abwana ake anasiya kalekale zakudya zimenezi, amadya nyama, mazira ndi masamba okha. Thupi likasowa shuga, ankatero, limayamba kutentha mafuta, chitetezo cha m'thupi chimakwera, asilikali a m'magazi amachangamuka. Iyeyo akuti chaka chinatha osagwidwa ngakhale chimfine.

Amuna anga anandiuza zoona tsiku loyamba lomwelo. Ndalemba zimenezi poyera chifukwa ine ndi amene ndinayamba kusawakhulupirira. Chibadwire sindinaonepo munthu wamoyo akukana nsima chifukwa cha foni. Mwamuna akakana nsima ya mkazi wake, miyezi iwiri yokha chikwatirane, ndiye kuti akudya kwina. Ndinayamba kuwerenga maola amene ankakhala ku Msundwe tsiku la msika. Kenako ndinaganiza china choposa apo. Munthu wathanzi, wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, angade nkhawa bwanji ndi chitetezo cha m'thupi ngati palibe chimene anamva kuchipatala? Pochapa zovala zawo ndinayamba kupisa m'matumba, kufuna kakhadi ka kuchipatala, mapiritsi, kapena kapepala ka nambala ya mkazi. Chimene ndinapeza ndi mchere, womangidwa mu kapulasitiki.

Mcherewo unabwera motere. Sabata yoyamba mutu unkawapweteka kwambiri, akaweramuka ankachita chizungulire, ndipo minofu ya m'miyendo inkakokana. Atamuuza mkulu wawo, iye anati zimatero kwa aliyense poyamba, mankhwala ake ndi mchere. Ndiye anayamba kuyenda nawo m'thumba, n'kumawaza pamwamba pa ndiwo zimene ine ndathira kale. Ndiwo zinkawawa. Tsiku lina anati, "Zangazo musamathire, ndizidziyezera ndekha." Poto wa ndiwo pakhomo pathu ndi mmodzi. Ndinaona kuti chapafupi n'kuleka kuthira mumpoto, aliyense azithira m'mbale mwake. Ndinkadziona ngati mkazi womvera.

Patapita masabata atatu alamu anabwera kudzapempha ndiwo. Analawa ali chiimire, n'kundiyang'ana.

"Alamu, mwezi wanuwu ndi wamasiku angati kodi? Ulendo wachitatu uno ndikupeza ndiwo zozizira."

"Ayi, si zimenezo. Achimwene anu amathira okha."

"Okha? Mwamuna wokwatira?"

"Ndi mmene afunira."

"Ndiye anakwatiriranji, akanangogula poto," anatero akuseka. Inenso ndinaseka. Koma anatuluka ndi mbaleyo n'kulunjika kwa mayi awo, ndipo kumeneko kuseka sikunamveke.

Za chakudya ndinene mwachilungamo. Mwezi woyamba amuna anga ankaoneka opepuka. Kamimba kanaphwa, tulo ta masana tinatha, ndipo ankadzitama kuti akumva ngati mnyamata wa mpira. Nthawi imeneyo tinali ndi nkhuku zisanu. Ankadya mazira onse, moti palibe nkhuku inafungatira. Kenako tinayamba kupha nkhuku zomwezo, imodziimodzi. Tsiku la msika ankadya kanyenya ku Msundwe. Pofika Khirisimasi khola linali lopanda kanthu. Ngumbi zinatithandiza masabata awiri n'kutha. Kunatsala nkhwani wotendera, bonya wa apo ndi apo, ndi mtedza umene tinapatula kuti ukhale mbewu. Munthu ankapalira kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa pamutu, n'kubwera kudzadya mbale ya masamba. Ine ndinkadya nsima yanga kukhitchini, mobisala ngati ndaba, chifukwa kudya pamaso pawo kunkandichititsa manyazi.

Buluku anayamba kumanga ndi chingwe. M'kamwa mwawo munkatuluka fungo ngati la mango owola, ndipo ndinawaganizira kachasu, anthu oti mowa sanaulawepo. Ndinkanunkhiza malaya awo. Zonsezi ndinkachita mwakachetechete, kumaso ndikumwetulira.

Mu Januwale anatuluka zithupsa ziwiri m'khwapa. Zisanapole anagwidwa chimfine, chimfinecho n'kusanduka chifuwa chosatha. Kenako pobandira chimanga khasu linawatema pamwendo, bala laling'ono loti mwana amapola nalo sabata imodzi. Silinatseke. Linayamba kutuluka madzi, ndipo phazi linatupa mpaka nsapato kukana. Mkulu wawo anatumiza uthenga wina, woti zimenezo ndi zoipa za nsima ya zaka zonse zikutuluka, alimbe mtima.

Chifuwa, kuwonda, kutupa phazi. Panalibe munthu m'mudzimo amene sankadziwa kuwerenga zinthu zitatuzi. Ndipo aliyense anali atamva kale kuti mtengwa wa pakhomo paja miyezi itatu sakuthira mchere, mwamuna wake akuyenda ndi wakewake m'thumba. Kwa iwo nkhani inali yomveka: ndinawadwalitsa amuna anga poyamba, kenako ndinachita mantha n'kuleka kuthira, ndipo iwo anazindikira n'kusiya kukhulupirira dzanja langa.

Apongozi sanandikalipirepo. Anangoleka kulandira chilichonse chochokera m'manja mwanga. Ndikawapatsa madzi ankati, "Ikani pansi," madziwo n'kukhala pomwepo mpaka nkhuku za eni kudzamwa. Tsiku lina tikusenda chinangwa anandifunsa mofatsa.

"A mtengwa, mnyamata wa kuchigayo uja amakusenzetsani thumba, ndi wa kwanu eti?"

"Ayi amayi, amasenzetsa aliyense."

"Ine sanandisenzetsepo."

Amuna anga anayesa kundiikira kumbuyo. Ndinawamva akunena pakhonde pa mayi awo kuti, "Amayi, za mchere ndinanena ndine." Apongozi anayankha kuti, "Unanena chifukwa mtima wako unadziwa kale." Amuna anga anawaikira uthenga wa ku Joni kuti amve, iwo anati, "Mkulu wako akukubisira manyazi, ndi mwana wabwino." Chilichonse chimene ankanena chinkasanduka umboni wonditsutsa. Mpaka ineyo ndinayamba kudzikayikira. Ndinkabwerera m'mbuyo masiku a Seputembala, kufufuza ngati linalipo tsiku limene ndinathira mchere nthawi yosayenera mosazindikira.

Mu Febuluwale anaitana ankhoswe. Amalume anga anapalasa njinga kuchokera ku Nambuma, ndipo a kuchimuna anali amalume awo a amuna anga. Tinakhala m'chigafa chifukwa kunja kunkawaza mvula, fodya woyamba akulendewera pamitu pathu. Apongozi anafotokoza zimene ankafuna. Anali atapeza kale mankhwala kwa munthu wina wa ku Mpingu. Ine ndimayenera kuthira mchere m'mankhwalawo ndi dzanja langa, ndikutchula chimene ndinachita, kenako amuna anga amwe. Akatero achira, ndipo ine ndipite kaye kwathu. Aliyense ankadziwa kuti "kaye" ameneyo alibe tsiku lobwerera, ndi kuti dzina limene ndikapite nalo ku Nambuma silidzachoka.

Ndinayang'ana amalume anga. Iwo ankayang'ana pansi, akufukula dothi ndi kamtengo.

"Mwana wanga," anatero, "ngati chilipo, nena. Munthu asafe."

Pamenepo ndinadziwa kuti ndili ndekha. Ndinalankhula.

"Chilipo chimodzi. Ndakhala ndikuwapisa m'matumba. Ndimaganiza kuti ali ndi mkazi ku Msundwe, kapena ali ndi kachilombo akundibisira. Ndicho ndinalakwa, ndipo ndikupepesa. Koma mchere m'mankhwalawo sindithira, chifukwa ndikathira ndiye kuti ndavomera. Tipite kuchipatala tonse awiri akatiyeze magazi. Akakapeza kanthu mwa ine, ndidutsira konko kupita kwathu, katundu mudzanditumizire."

Amuna anga ananditembenukira. "Mumandipisa m'matumba, mayi?"

"Eya."

"Munapezamo chiyani?"

"Mchere."

Amalume awo anaseka pang'ono, n'kudzigwira pakamwa. Ndi iwo amene anagamula kuti tiyambe tapita kuchipatala, mankhwala a apongozi adikire. Apongozi anavomera pokhapokha alamu apite nafe, kuti tisakasinthe mawu m'njira.

Tinapita kuchipatala cha ku Namitete m'mawa mwake, amuna anga pa kabaza, ife awiri pa ina. Anatiyeza magazi tonse, ndipo kachilombo sanakapeze mwa aliyense. Anatenga makhololo, ndipo titabwereranso anati chifuwa chachikulu palibe. Shuga anali bwinobwino. Pamenepo ndi pamene ndinamva kuti chiyambire amuna anga anali asanayezetsepo shuga. Miyezi inayi yonseyo ankathawa matenda amene sanafunse n'komwe ngati ali nawo.

Adokotala anali mayi wamfupi wa magalasi. Atatsuka bala anafunsa kuti, "Dzulo munadya chiyani, bambo?"

"Nkhwani. Mtedza wodzaza dzanja. Ndi peyala limodzi."

"Tsiku lonse? Ntchito mumagwira yanji?"

"Ndimalima."

Amuna anga anawaikira uthenga wa pa foni uja. Adokotala anamvetsera mpaka kumapeto osadula, kenako anafunsa ntchito ya mkulu wawo.

"Amayendetsa galimoto ya abwana ake."

"Amadya chiyani?"

Alamu ndi amene anayankha. "Pa zithunzi timangoona nyama yodzaza mbale, adokotala. Mazira ngati akugulitsa."

Adokotala anati kadyedwe kameneka kalikodi, ndipo alipo odwala ena amene amauzidwa kuchepetsa zakudya zotere, koma moyang'aniridwa. Zoti kamakweza chitetezo, anati ophunzira akufufuzabe ndipo sanamvane, iwo sangatilonjeze kuti inde kapena ayi. "Koma zimene mwachita inuzi ndi zina," anatero. "Mkulu wanu anachotsa nsima n'kuikapo nyama, ndipo amakhala pampando. Inu munachotsa nsima osaikapo kanthu, n'kutenga khasu. Asilikali a m'thupi amene mukuwafunawo nawonso amadya. Thupi likasowa chakudya limayamba kudya mnofu wake womwe, bala lizidikira." Anawapatsa mapiritsi a bala ndi a chifuwa. Anati adye mgaiwa wapakatikati, nyemba, mtedza, masamba, dzira likapezeka, achepetse shuga wa mu tiyi, ndipo azibwera kudzayezetsa popeza bambo awo anadwalapo.

Tikunyamuka, alamu anafunsa chimene anawatuma. "Nanga tsempho simunalione, adokotala?"

"Makina athu sayeza zimenezo, mayi."

Ananena zoona, sindikuwadandaula. Koma pa mawu onse a tsiku limenelo, alamu anafika nawo kunyumba ndi amenewo. Apongozi anamvetsera zonse, anagwira mapepala athu mozondotsa, n'kuwabweza. "Mwamva nokha," anatero. "Sayeza."

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, ndinkaphika nyemba panja chifukwa m'khitchini munkadontha. Apongozi ndi alamu anali pakhonde pawo. Amuna anga anatuluka m'nyumba akutsimphina, anapisa m'thumba, n'kundipatsa kapulasitiki kaja mokweza dzanja kuti aliyense aone.

"Thirani, mayi. Muphikenso mgaiwa."

Ndinathira. Mchere wina unagwera pamoto. Amuna anga anadyera panja pomwepo, mitanda iwiri, pang'onopang'ono ngati munthu wophunzira kumene. Apongozi anaimirira. "Ukafa usadzati sindinanene," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Ankhoswe anagwirizana kuti tidikire mpaka kukolola. Amuna anga akapitirira kudwala ine ndikuthira mchere, ndipite kwathu. Miyezi imeneyo sindidzaiwala. Akatsokomola kamodzi kumunda, ine ndinkaimika khasu n'kumvetsera. M'mawa uliwonse ndinkayang'ana phazi lawo ndisanawapatse moni. Ndinkadziwa kuti kutsidya kwa bwalo kulinso maso ena akuyang'ana phazi lomwelo. Chifuwa chinatha mu Malichi. Bala linatseka mu Epulo, n'kusiya chipsera chakuda. Pofika nthawi yokumba mtedza chingwe cha buluku anachitaya.

Chimene chinawachiza sindikuchidziwa bwino, ndipo sindikufuna kunama. Mwina ndi mapiritsi, mwina mgaiwa, mwina kungoti maungu, mtedza wauwisi ndi nyemba zatsopano zinafika nthawi imodzi. Alamu anandinong'oneza pamjigo kuti mayi awo anawathirira amuna anga mankhwala aja m'madzi akumwa mwakabisira, ndipo kwa apongozi chimene chinagwira ntchito ndi chimenecho. Kaya n'zoona, kaya alamu ankangofuna kuona nkhope yanga. Wa ku Joni mpaka lero amati mng'ono wake anafooka msanga, akanapirira mwezi wina umodzi akanaona zodabwitsa. Uthenga wake ukalowa ndimamvetsera ndili patali, ndipo tsiku limenelo ndimayang'anitsitsa mbale ya amuna anga ngati yabwerako yopanda kanthu. Tiyi amamwa wopanda shuga mpaka pano. Pochapa ndimapisabe m'matumba, koma tsopano ndimawauza.

Kukolola kunadutsa, ankhoswe sanabwerenso, ndipo palibe amene anati pepani. Ndinakhalabe pamudzi, koma apongozi ankati "Ikani pansi" monga kale. Fodya anagulitsidwa, dzinja linaiwalika, tinayambanso mizere ina, madzi anga akuuma pansi.

Pa tsiku la anakubala ndinawagulira chitenje ku Msundwe. Ndinaganiza nthawi yaitali ngati ndipite nacho ndekha kapena ndiwapatsire amuna anga, koma ndinapita. Ndinawapeza atakhala pamkeka, nkhuku ikuwira pamoto pambali pawo. Alamu anali pomwepo akusenda tomato. Ndinagwada n'kuika chitenjecho pansi, ndisanauzidwe. Anachitambasula, anachiyang'ana mbali zonse, n'kuchipinda. Ndinati ndidzuke.

"A mtengwa," anatero, osandiyang'ana, "tandithirireni mchere m'nkhukumo."

Manja awo analibe ntchito iliyonse. Alamu anali pafupi ndi poto kuposa ine. Ndinatenga kachitini ka mchere, ndinathira, ndinatakasa. Anatambasula chikhatho, ndinawadonthezera msuzi, iwo n'kulawa.

"Wachepa. Mukuopa chiyani?"

Ndinawonjezera. Masana amenewo anadya nkhukuyo, n'kunditumizira chiwalo pa mbale. Nkhani ya mchere inathera pomwepo, chaka chatha, pa 15 Okutobala.